Sewero la Chikondi Likafike ku Michesi

Makolo anzathu ena akangomva za sewero lachikondi lokhala ndi nyimbo, amati n'chiwerewere. Ife tikukana. Taonani Romeo ndi Juliet, sewero la William Shakespeare limene Stanley Onjezani Kenani analimasulira m'Chichewa. Mtsikana wa m'seweroli sanakwanitse zaka 14, koma bambo ake akumukakamiza kukwatiwa ndi mwamuna amene iye sakumufuna. Mapeto ake ndi manda. Wolakwa ndani, mwana kapena makolo?

Ku New York anaiveka nyimbo nkhaniyi mu 1957, n'kuitcha West Side Story. Nanga ife tikulephera chiyani? Magulu athu a zisudzo amakonda kuthera m'mizinda. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inatseka mpata wokwatitsa mwana wosakwana zaka 18, komabe m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi ku Phalombe, monganso kunyanja kwathu kuno, atsikana akusiyabe sukulu n'kulowa m'banja. Kumeneko n'kumene seweroli likufunika, pabwalo la mfumu, ng'oma za tchopa zikulira. Makolofe tidzakhale kutsogolo, pakuti likunena ife.