Sayizi 32 yake iti?

Anzanga, lero ndikufuna tikambirane za kansalu kakang'ono kamene kamasokedwa mkati mwa jinzi, kolembedwa nambala kaja. Kansaluko n'kochepa ngati chala, koma kawonongetsa anthu ndalama za ganyu, ndipo ena pasukulu pano kawachititsa manyazi ndi matupi awo omwe. Maganizo anga ndi awa: nambala imeneyo tisamaikhulupirire, komanso tisiyiretu kuseka anzathu chifukwa cha iyo.

Tonse tikudziwa mmene zimakhalira tsiku la msika. Belo la kaunjika latsegulidwa, anthu apanikizana, aliyense akukoka chake. Watola majinzi atatu, onse olembedwa 30. Ina ikukanira m'ntchafu, ina ikukwana bwinobwino, yachitatu ukaivala ikugwa yokha ngati thumba la chimanga. Pamsika palibe chipinda choyeseramo, ndipo ukangopereka ndalama nkhani yatha, wogulitsa sakudziwanso. Ndiye funso n'lakuti, 30 weniweni ndi uti pa atatuwa?

Tiyambe ndi zomwe nambalayo imayenera kutanthauza. Pa jinzi zambiri za amuna pamalembedwa zinthu ngati W32 L30. W akuimira kuzungulira kwa m'chiuno, L akuimira kutalika kwa mwendo kuchokera pamphechepeche mpaka kumapazi, ndipo zonse zili m'mainchesi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Choncho W32 ikuyenera kukhala pafupifupi masentimita 81, W34 pafupifupi masentimita 86. Apa a Fomu 1 omwe atha kuwerengetsa opanda kakyuleta. Zikanakhala kuti makampani onse amatsata masamu amenewa, bwenzi nkhani ino kulibe.

Vuto loyamba n'lakuti zovala za m'belo limodzi zimachokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake. Diresi yomwe ku Britain amailemba 12, ku America amailemba 8, pomwe ku Italy amailemba 44. Diresi yake ndi imodzi yomweyo. Taonani nambala 34 yokha. Pa jinzi ya amuna ikutanthauza mainchesi 34 a m'chiuno. Pa siketi yomwe achemwali anu akutumizirani kuchokera ku Joni, 34 ndi sayizi 10 ya ku Britain. Pa bulauzi ya ku Ulaya, 34 ndi yaing'ono kuposa pamenepo, 6 kapena 8. Ndiye munthu akakuuza kuti "ine ndimavala 34", kwenikweni sanakuuze kanthu. Zilembo zija za S, M, L ndi XL ndiye nkhani ina. Malaya olembedwa XL osokedwera anthu a ku China nthawi zambiri amakhala aang'ono kuposa XL wa ku America, chifukwa aliyense amasoka poganizira matupi a anthu omwe akufuna kuwagulitsa.

Vuto lachiwiri n'lakuti ngakhale m'dziko limodzi lomwelo, palibe lamulo lokakamiza makampani kuti azigwiritsa ntchito muyezo umodzi. Ku America anayesapo. Kuyambira mu 1939 boma lawo linayeza amayi pafupifupi 15,000, ndipo Ruth O'Brien ndi William Shelton anatulutsa zotsatira zake mu 1941. Koma powerengetsera anangotenga miyezo ya amayi achizungu, ya amayi akuda anaisiya. Mu 1958 boma linatulutsa ndondomeko ya masayizi a zovala za amayi, yomwe inatsamira pa kafukufuku yemweyo. Makampani sanaitsate kwenikweni, ndipo mu 1983 inathetsedwa. Kuyambira pamenepo kampani iliyonse imadzipangira yake. Tamvetsani bwino apa, atsikana anzathu: manambala ena omwe mukudandaula nawo anayambira pa matupi a anthu omwe sankafanana nanu n'komwe, zaka zoposa 80 zapitazo.

Vuto lachitatu ndiye londikwiyitsa, chifukwa ndi ladala. Amalonda anazindikira kuti munthu amasangalala akakwana mu sayizi yaing'ono, ndipo munthu wosangalala amagula. Ndiye amasoka buluku lalikulu n'kulemba nambala yaing'ono. Pachingerezi amati vanity sizing, ine ndingati sayizi yonyengerera. Mu 2010 magazini ya Esquire ya ku America inatenga tepi n'kuyeza mabuluku a amuna olembedwa 36 m'masitolo osiyanasiyana. La H&M linapezeka ndi mainchesi 37, la Old Navy linafika mainchesi 41. Kuchoka pa 36 kufika pa 41 ndi mainchesi 5, omwe ndi masentimita 12.7. Tengani rula yanu muone kutalika kwake. Ndi chikhatho chonsetu chimenecho. Mabuluku otere akatha ntchito kwawoko, ndi omwewo amatipeza kuno m'mabelo, bodza lake lili pomwepo pa lebulo.

Kuwonjezera apo pali kasokedwe. Jinzi ina imakhala pamchombo, ina imakhala m'munsi pamafupa a m'chiuno. Malo awiriwa sazungulira mofanana, choncho lamba wa jinzi ziwirizi sangafanane ngakhale mwini wake ali mmodzi. Nsalu nayo ili ndi mbali yake. Jinzi ya thonje lokhalokha siitamuka, ndipo imatha kubwerera ikachapidwa ndi madzi otentha n'kuumitsidwa pa makina. Jinzi yosakaniza ndi ulusi wotamuka, womwe pa lebulo amaulemba elastane kapena spandex, imakoka bwino ikadali yatsopano, koma ikakalamba imalobodoka osabwereranso. Musaiwale kuti ya kaunjika inavalidwapo kale ndi munthu wina kwa zaka. Mwina anaichapa kambirimbiri, mwinanso anakaibwezetsa kwa telala wakwawo. Lebulo ikunena za tsiku lomwe jinziyo inatuluka m'fakitale. Za ulendo wonse womwe yayenda kuti ifike pa msika wathu, lebulo siidziwa.

Zatsopano za m'mashopu nazo musaziyese zolungama. Pali zina zomatidwa maina a makampani otchuka pomwe eni mainawo sanazionepo. Munthu amene wanama dzina la kampani, angalephere bwanji kunama nambala? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tsono wina anena kuti, "Aise, nkhani ya jinzi mpaka kuikhoma pabolodi? Mayeso ali pafupi." Ndikumva. Koma taganizani zinthu ziwiri.

Choyamba ndi ndalama. Ambirife pano sitilandira ndalama ya m'thumba mwezi ndi mwezi. Jinzi imodzi ndi maganyu a tchuthi chonse, kapena ndi ndalama yomwe amayi apatula atagulitsa mandasi ndi tomato. Kugula chovala chosakwana ndi kutaya thukuta limenelo. Ndipo timachita zimenezi kawirikawiri potuma ena. Malume akupita m'tauni, akufunsa kuti "umavala sayizi chani?", iwe n'kungoti "30". Abwera nayo, siikukwana, ndipo sungadandaule chifukwa ndi mphatso. Imathera kwa mng'ono wako, iwe n'kutsala ndi yakale yong'ambika pabondo ija.

Chachiwiri ndi manyazi, ndipo ichi ndiye chachikulu. Ndamvapo pa nthawi ya buleki anthu akutembenuza kolala ya juzi ya mnzawo kuti aone lebulo, kenako kuseka: "Eee, XL! Ukudya chani kwanu?" Ndamvaponso mtsikana akuuza anzake kuti asiya kudya nsima yamadzulo chifukwa siketi yolembedwa 10 yamukana. Anyamata nawo sapulumuka. Wochepa thupi akapezeka ndi buluku lolembedwa zaka 12 mpaka 13, dzina lake limasintha teremu yonse. Koma abale, ife tili pa msinkhu womwe thupi likukula. Mapewa akutambasuka, chiuno chikusintha, miyendo ikutalika. Munthu woyenda makilomita angapo m'mawa uliwonse kubwera kuno, n'kukhala m'kalasi mpaka masana, akufunika kudya. Kudzimana chakudya chifukwa cha nambala yomwe wina analemba ku fakitale ya kutsidya la nyanja, pofuna kunyengerera kasitomala wake, ndi kudzilanga pa mlandu wa eni ake. Ndipo iwe woseka mnzakowe, ukuseka chiyani? Juzi yako yolembedwa M mwina ndi yaikulu kuposa XL yakeyo. Ziikeni pamodzi muone.

Ena amati yankho n'lakuti maiko onse agwirizane sayizi imodzi. Ndi maganizo abwino, ndipo njira yoonako bwino ilipo kale. Pa zovala zambiri za ku China mupeza zolemba ngati 170/76A pa buluku. 170 ndi kutalika kwa munthu, 76 ndi m'chiuno, zonse m'masentimita, ndipo chilembocho chikunena za kaumbidwe ka thupi. Imeneyo ndiye nambala yoti munthu ungaitsimikize ndi tepi. Komabe ngakhale dziko lonse litatsata njira imeneyi, anthu awiri a chiuno chofanana amatha kusiyana ntchafu, matako ndi miyendo. Manambala awiri sangalongosole thupi lonse. Ndiponso kunena zoona, makampani a ku London ndi New York sadzasintha chifukwa choti ife a pa CDSS tadandaula pabolodi. Tisadikire iwo.

Yankho tili nalo pafupi, pakhonde la sitolo pa trading centre. Atelala omwe anatisokera yunifolomu sanatifunse kuti "ndiwe M kapena L?" Anatenga tepi, anayeza m'chiuno, m'matako ndi kutalika, n'kulemba m'kope lawo. N'chifukwa chake yunifolomu yosokedwa ndi telala wodziwa ntchito imakhala bwino kuposa jinzi ya dzina lotchuka. Titengere nzeru yomweyo.

Chitani izi. Tengani buluku kapena siketi yomwe imakukwanani bwino, mumange batani, muiyale pamphasa. Yezani lamba wake kuchokera mbali ina kufika mbali ina, muchulukitse kawiri. Yezaninso pamalo otambalala kwambiri a m'matako, kenako mwendo kuchokera pamphechepeche kufika pansi. Lembani manambala atatuwo m'masentimita kuseri kwa kope lanu. Ngati mulibe tepi, dulani chingwe, mumange mfundo pa muyezo uliwonse, n'kuchiyeza pa rula ya masentimita 30 ija. Chingwecho chimalowa m'thumba, ndipo pamsika mungochiyala pa jinzi musanalipire. Malume akafunsanso sayizi, apatseni chingwe kapena muwalembere masentimita. Muziyezanso teremu iliyonse, chifukwa mukukula.

Nanga njira ija yozunguliza lamba wa jinzi pakhosi? Imathandizako, chifukwa kwa anthu ambiri khosi limazungulira pafupifupi theka la chiuno. Koma si onse, ndipo khosi silingakuuze ngati ntchafu zilowe. Yoyeza ndi mkono, kuchokera pachigongono kufika pa nkhonya, ilinso chimodzimodzi. Zigwiritseni ntchito posankha mwachangu pa mulu, koma chomaliza chikhale chingwe. Mukakayika pakati pa ziwiri, tengani yokulirapo. Telala atha kubweza yaikulu, koma yothina alibe poitengera nsalu. Ndipo musaope kufunsa wogulitsa kuti akuloleni muyeze. Safunsa anadya phula.

Sindikunena kuti lebulo ilibiretu ntchito. Werengani pomwe alemba mtundu wa nsalu ndi dziko lomwe chovalacho chinasokedwera, zimenezo zikuthandizani. Nambala ya sayizi muitenge ngati poyambira kufufuza basi.

Ndili ndi pempho kwa aphunzitsi athu a Masamu. Tikamaphunzira zosintha miyezo, bwanji tsiku lina tibweretse majinzi asanu olembedwa nambala imodzi, tiwayeze ndi tepi, zotsatira zake tizikhome pabolodi pano? Tiyeze zovala, osati anthu, kuti pasakhale wochita manyazi. Ine ndabetcha kuti sapezeka onse ofanana. Amene akutsutsa abweretse jinzi yake Lachisanu, tepi ndikabwereka kwa atelala.

Mnzanu wa Fomu 3