Galu akafa miyendo yakumbuyo, tisathamangire tameki

Matendawa amayamba mwakachetechete. Galu wachikulire, wa zaka 8 kapena kuposerapo, akamadutsa pakhonde la simenti zikhadabo za mwendo umodzi wakumbuyo zimamveka zikukhula pansi, ndipo mukamugwira phazi mupeza kuti zikhadabo zapakati zaperepeseka kuposa zinzake. Pakapita milungu, akamakhota pangodya ya nyumba mbuyo imapepeluka, miyendo imapingasana, ndipo nthawi zina amaima ataponda ndi kumsana kwa phazi iye osazindikira n'komwe. Pakatha miyezi 6 mpaka 12, agalu ambiri otere amalephereratu kuimirira ndi miyendo yakumbuyo. Madokotala a ziweto amawatcha matendawa degenerative myelopathy. M'makomo ambiri m'matauni mwathu muno, galu akafika apa nkhani yake imatha msanga: amamupatsa nsima yothira tameki, kapena amamukweza galimoto n'kukamusiya kutchire, kapenanso amangomumangirira kuseri kwa nyumba kuti imfa imupeze yokha. Ine ndikuti zonsezi n'zolakwika, ndipo sikuti zimachokera ku kuuma mtima kokha ayi. Zimachokeranso ku kusadziwa chimene chikuchitika m'thupi la galuyo. Amene wadziwa adzaona kuti miyezi imeneyi galu angathe kuikhala mosangalala, ndipo chimene chimafunika kwambiri ndi manja a mwini wake, osati thumba lake.

Mkati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi miyendo. M'matendawa, timitsempha ta mmenemo limodzi ndi khungu lake zimawonongeka pang'onopang'ono, kuyambira chapakati pa msana, monga muja waya wamagetsi akasupuka pulasitiki n'kuyamba kuduka, babu limayamba kuphethira kenako n'kuzimiratu. Ubongo umalamula mwendo kuti uponde, koma uthengawo sufika wonse. Mwendo nawo umalephera kuuza ubongo pamene waponda. Woyamba kufotokoza bwino matendawa anali Damon Averill wa ku America mu 1973, atawaona mwa agalu a mtundu wa German Shepherd. Mu 2009 akatswiri a ku University of Missouri ndi anzawo a ku Broad Institute anapeza kuti gwero lake lalikulu ndi vuto la m'chibadwa, pa jini yotchedwa SOD1, yomwenso imayambitsa ena mwa matenda a ALS mwa anthu, matenda aja anamukhazika pa njinga ya olumala Stephen Hawking mpaka imfa yake mu 2018. Apa pakutuluka mfundo ziwiri zimene mwini galu aliyense ayenera kuzigwiritsitsa. Matendawa si opatsirana, kwa munthu ngakhale kwa galu mnzake. Ndipo paokha sapweteka. Galu amene akukokera miyendo pabwalo amatimvetsa chisoni ife omuona, koma mwini wakeyo mutu uli bwinobwino, chakudya akudya, mlendo akafika pageti akuuwa monga kale. Chisoni chathucho tisachisandutse umboni woti iye akuzunzika.

Wina anganene kuti awa ndi matenda a agalu akunja, sakutikhudza. Koma agalu akunjawo ndi amene adzaza m'mipanda ya ku Namiwawa ndi ku Area 47. German Shepherd, amene ambiri amangoti Alsatian, ndiye galu amene anthu amathamangira kugula akafuna mlonda woopsa, ndipo makampani a zachitetezo amamukonda. Rhodesian Ridgeback, amene alinso pa mndandanda wa mitundu yodwala kwambiri matendawa limodzi ndi Boxer ndi Pembroke Welsh Corgi, ndi galu wa kuno kummwera kwa Africa. Malamulo a maonekedwe a mtundu wake analembedwa ku Bulawayo mu 1922. Agalu osakanizika nawonso amadwala. Tikagula galu wa mtundu wotere tagula ndi chibadwa chake chomwe.

Pali nkhawa imodzi imene sindingaipeputse, ndiyo ya chiwewe. Chiwewe chili ndi mtundu wina umene galu salusa koma amafa ziwalo, nthawi zina kuyambira miyendo yakumbuyo, ndipo m'dziko limene chiwewe chikuphabe ana, kholo limene laona galu akudzandira n'kuyamba kuopa silinalakwe. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015. Chosiyanitsa chachikulu ndi nthawi. Galu wachiwewe akayamba kuonetsa zizindikiro amafa pasanathe masiku ngati 10, kawirikawiri akuchucha dovu, akulephera kumeza, khalidwe litasinthiratu. Galu amene wafa ziwalo mwadzidzidzi, makamaka ngati sanabayidwe katemera, musamugwire kukamwa. Mutsekereni ndipo itanani a vetenale tsiku lomwelo. Koma galu wobayidwa katemera amene wakhala akukhula zikhadabo pansi kwa miyezi itatu, akudya ndi kugwedeza mchira, ameneyo si wachiwewe. Dokotala wa ziweto ndi wofunikabe pa chifukwa china. Matenda a nyamakazi ya m'chiuno, kutsetsereka kwa kachichereche ka pakati pa mafupa a msana, chotupa, ngakhale kugundidwa ndi galimoto, zonsezi zimafooketsa miyendo yakumbuyo, ndipo zambiri mwa izo zimapweteka komanso zina zili ndi mankhwala. Dokotala amapinda phazi la galu kuti liponde chagada n'kuona ngati alibweza msanga, amasindikiza msana kufuna pamene pakupweteka, ndipo ngati alipo makina amajambula mafupa. Chitsimikizo chenicheni cha degenerative myelopathy chimapezeka pokhapokha galu atafa, poyeza mtsempha uja, choncho ngakhale kumayiko olemera dokotala amafika pa dzinali pochotsa matenda ena limodzilimodzi. Mwini galu amene wangogamula yekha kuti "wakalamba basi" angathe kusiya galu akubuula ndi ululu umene ukanatha ndi mapiritsi.

Mankhwala ochiza matendawa kulibe, ndipo wina akakugulitsani mavitamini odula n'kukulonjezani kuti galu adzathamanganso, ndalama zanu zapita. Chimene chili ndi umboni ndi kulimbitsa thupi. Mu 2006 akatswiri a ku University of Bern ku Switzerland anafalitsa zimene anapeza atatsatira agalu odwala matendawa: amene ankayendetsedwa ndi kuwongoledwa miyendo mwakhama tsiku ndi tsiku anakhala ndi moyo masiku pafupifupi 255, amene ankathandizidwa mwa apo ndi apo masiku 130, ndipo amene sankathandizidwa n'komwe masiku 55 okha. Agalu ake anali ochepa, 22 basi, ndipo n'kutheka kuti eni ake akhama aja analinso anthu osafulumira kupha galu, zimene zingakweze chiwerengero. Komabe palibe chodabwitsa pa zotsatirazi, pakuti mnofu umene sukugwira ntchito umafota msanga, ndipo galu wonenepa amene wangogona amataya ngakhale mphamvu zochepa zimene zinatsala. Taonani tsono zimene chithandizocho chimafuna. Chitenje chakale kapena thaulo mumalidutsitsa pansi pa mimba, pafupi ndi miyendo yakumbuyo, n'kugwira nsonga zake ziwiri pamwamba kuti munyamule mbuyo pang'ono, galu n'kumayenda ndi miyendo yake inayi kawiri kapena katatu pa tsiku, mtunda waufupi, pa udzu kapena pa dothi lofewa osati pa simenti yoterera. Kuphazi kumene kukukhulika mumavekako sokosi yokhuthala kuti pasabuke chilonda. Madzulo mumamugoneka chammbali n'kumapinda ndi kuwongola mwendo uliwonse mofatsa. Nsima mumachepetsa kuti asalemere. Pa zonsezi palibe chofuna dola.

Gawo lovuta limabwera galu akasiya kuima yekha n'kuyamba kudzikodzera. Apa ndi pamene chikondi cha pakamwa chimasiyana ndi chisamaliro. Galu wogona mbali imodzi tsiku lonse amatuluka zilonda m'chiuno ndi m'zigongono, choncho amafunika kumutembenuza maola angapo alionse, pogona pake pakhale pofewa ndi pouma. Mkodzo ukakhalitsa pakhungu umawotcha, ndipo m'nyengo yotentha ya October ntchentche zimaikira mazira pa ubweya wonyowa, mphutsi n'kuyamba kudya galu ali moyo; kumusambitsa kumbuyo ndi kumupukuta n'kofunika tsiku lililonse. Chikhodzodzo chimene sichikutha kutulutsa mkodzo wonse chimagwidwa matenda, ndipo a vetenale angakuonetseni kafinyidwe kake. Kunja amagulitsa tingolo ta matayala awiri timene galu amalowetsamo mbuyo n'kumadzikoka ndi miyendo yakutsogolo. Amisiri athu owotcherera zitsulo, amene amapanga mageti ndi mawilibala m'mphepete mwa msewu, sangalephere kupanga kangolo kotere ndi mapaipi opepuka ndi matayala a njinga ya mwana, bola muyezo wa galuyo ukhale wolondola ndipo lamba asamutupule khungu.

Tsopano mawu amene ndikudziwa kuti ali pakamwa pa owerenga ambiri: anthu akusowa panado m'zipatala, inu mukukamba za sokosi ya galu? Izi n'za azungu. Mawuwa ali ndi mphamvu, koma akuphonya pamene pali mlandu. Palibe akunena kuti boma lichotse ndalama ku chipatala cha Queens n'kukagulira agalu tingolo, ndiponso palibe akuuza banja limene likugona ndi njala kuti ligule nyama ya galu. Nkhani ili pakati pa munthu mmodzi ndi chiweto chimene anachitenga yekha, popanda womukakamiza. Galu ameneyu wagona panja zaka 8 kapena 10, mvula ndi chisanu cha June zikumuthera pamsana, kuti a m'nyumba agone osaopa akuba. Mlonda waumunthu akanalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Uyu analandira mkute ndi mafupa. Theka la ola pa tsiku kwa miyezi ingapo si malipiro opambanitsa. Ndipo kusamala chiweto chodwala sikunabwere ndi sitima: mlimi wa ku Mzimba kapena ku Nsanje amadziwa kudzutsa ng'ombe yofooka ndi kuitengera madzi ndi msipu pamene yagona. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'ombe ili ndi mtengo pamsika pamene galu wokalamba alibe, ndipo ngati chifundo chathu chimathera pamene mtengo wathera, ana amene akuonerera pakhomopo akuphunzira zimenezo.

Ena amatsutsa kuchokera mbali inayo, amati kusunga galu wopuwala n'kumuzunza, kuli bwino kumupumitsa msanga. Awa ndimagwirizana nawo theka. Matendawa saima; amakwera mpaka miyendo yakutsogolo, ndipo pamapeto pake amafika pa kumeza ndi kupuma. Kudikira mpaka pamenepo n'kulakwa, ndipo alipo eni agalu, makamaka kumayiko kumene ndalama zilipo, amene amakakamira chiweto chifukwa choopa chisoni chawo iwo eni. Koma tsiku lopumitsa galu lisasankhidwe ndi manyazi athu pamaso pa alendo. Lisankhidwe poyang'ana galuyo: kodi akudyabe ndi mtima wonse, akudzutsabe mutu mwini wake akafika, khungu lake lili lopanda zilonda, ndipo kodi pakhomopo alipo munthu amene angathedi kunyamula galu wa makilogalamu 35 kangapo pa tsiku? Funso lotsirizali ndi lachilungamo ndithu. Gogo amene akukhala yekha sangakwanitse, ndipo kupumitsa galu msanga chifukwa chosowa womusamala n'kwabwino kuposa kumusiya agone mumkodzo. Chimene sindingavomereze ndi njira. Tameki amapha mozunza: galu amachucha dovu, amasanza, amanjenjemera, amaphupha, n'kufa chobanika, ndipo nsima yotsalayo imatha kudyedwa ndi nkhuku, mphaka, galu wa aneba, kapena kutoledwa ndi mwana wokwawa. Jakisoni wa dokotala amagonetsa galu m'masekondi ochepa mtima usanaime. Lamulo la Protection of Animals Act limaletsa nkhanza kwa ziweto, ndipo thandizo lilipo: Lilongwe SPCA, Blantyre SPCA, madokotala oima paokha, ndi maofesi a zaziweto m'maboma, kumene munthu angafunse njira ngakhale jakisoniyo atakhala kuti palibe tsiku limenelo.

Otsala ndi anthu amene amapindula ndi agaluwa. Pa Facebook pamadzaza zithunzi za tiana ta German Shepherd togulitsa pa mitengo yokwera, ndipo wogula amafunsa za katemera ndi kukula kwa bambo wake, osafunsa ngati agogo a kagaluko anafa akuyenda. Pali njira yoyezera jini ya SOD1 pongopukuta kathonje mkamwa mwa galu n'kukatumiza ku labotale yakunja. Galu amene watengera jini yolakwikayo kwa make ndi kwa bambo wake yemwe ndiye ali pachiopsezo, ngakhale si onse otere amene amadwala. Amene watengera mbali imodzi kawirikawiri sadwala koma amapatsira ana ake. Woweta agalu ogulitsa amene akuyeza ziweto zake n'kupewa kukweretsa awiri onyamula vutoli angachepetse kwambiri matendawa m'khola lake, ndipo mtengo wa kuyezako ungabwerere pa kagalu kamodzi. Popeza zizindikiro zimabwera galu atabereka kale kangapo, kudikira kuona ndi maso n'kuchedwa. Makampani a zachitetezo nawo, amene amalipiritsa makasitomala mwezi uliwonse chifukwa cha galu wolondera, ayenera kuika m'bajeti mwawo ndalama ya dokotala ndi ya jakisoni womaliza wa galu aliyense amene wasiya ntchito, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wofunsa, asanasaine pangano, kumene agalu okalamba a kampaniyo amapita.