Ndemanga: Chithandizo cha mano chifike pa zipatala zing'onozing'ono

Chithandizo cha m'zipatala za boma m'Malawi muno n'chaulere, ndipo cha mano chili m'gulu lomwelo. Koma ulere umenewu sufika pakhomo pa aliyense. Zipatala zing'onozing'ono zambiri za kumidzi zilibe wodziwa za mano, kotero munthu amene dzino lamusowetsa tulo amangolandira panado n'kuuzidwa kuti apite kuchipatala chachikulu cha kuboma. Ulendo umenewo umafuna ya kabaza ndi ya minibasi, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo tsiku la ganyu kapena la kumunda lomwe latayika. Banja losauka likawerengera zonsezi limasankha kudikira. Mwana amachezera kulira atagwira tsaya, mayi ake akumupatsa madzi amchere kuti achukuche, mpaka tsayalo litatupa, kukamwa kukukanika kutseguka. Akamadzafika kwa dokotala, dzino lomwe likanamatidwa limakhala litatsala longozula basi.

Dziko lathu silinangokhala manja lende pa nkhaniyi. M'chaka cha 2019, pomwe madokotala a mano m'dziko lonse anali osakwana 50, sukulu ya College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kusula madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Mu 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yoona za umoyo wa m'kamwa. Izi n'zoyamikika ndithu. Komabe madokotala ochepa amene akutuluka chaka ndi chaka adzayamba ndi kudzaza mipata ya m'zipatala zikuluzikulu, ndipo kumudzi kudzapita zaka asanafikeko. Amene angathandize msanga ndi akatswiri a mano omwe amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Boma likawalemba ntchito n'kuwapatsa zipangizo, mmodzi akhoza kumayendera zipatala zing'onozing'ono zingapo pa masiku odziwika, monga imayendera sikelo ya ana.

Ena anena kuti ndalama za zaumoyo n'zoperewera, ndipo malungo ndi uchembere ndizo zoyenera kutsogola. Palibe akukana kuti matenda opha msanga ayenera kuthamangiridwa. Koma dzino lolekerera limachita mafinya omwe amatha kufalikira kukhosi, munthu n'kugonekedwa m'chipatala masiku angapo, ndipo pamenepo boma limawononga zochuluka kuposa zomwe likanawononga pomata kabowo. Enanso akuti kumudzi kulibe magetsi ngakhale mpando wa dokotala wa mano. Mfundo imeneyi inayankhidwa kale ndi anzathu a ku Tanzania, komwe m'zaka za m'ma 1980 kunayambira njira yopala malo owola ndi tizitsulo ta pamanja n'kumatapo popanda makina obowolera. Mu 2021 bungwe la WHO linaika zomatira zimenezi, pamodzi ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Choncho vuto lagona pa kusankha kwa amene amagawa ndalama.

Tikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhonsolo kuti pokonza bajeti ya zaumoyo aike padera ndalama zolembera ntchito akatswiriwa ndi zogulira zomatira mano. Ndipo inu makolo, mukaona kadontho kakuda pa dzino la mwana, pitani naye kuchipatala lisanayambe kuwawa.