Lossless yomwe tikufuna ndi ya nyimbo za ku Balaka

Mu Seputembala 2025 Spotify idayamba kupereka nyimbo za lossless, ntchito yomwe Apple Music idayamba mu 2021. MP3 imadula zina mwa kamvekedwe kuti failo ichepe, pomwe lossless, monga FLAC, imasunga zonse momwe zidatulukira mu situdiyo. Tsopano munthu atha kuvala mahedifoni n'kumvetsera Do They Know It's Christmas? ngati adali nawo ku London pa 25 Novembala 1984, tsiku lomwe Bob Geldof ndi Midge Ure adasonkhanitsa oimba otchuka kuti athandize anthu a ku Ethiopia pa njala. Ng'oma za Phil Collins zikumveka, mawu a Bono akumveka. Mawu a munthu wa ku Ethiopia sakumveka, chifukwa sadajambulidwemo n'komwe.

Sindikutsutsa kuti nyimboyi idathandiza. Idapeza pafupifupi mapaundi 8 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo alipo omwe adapulumuka. Koma idasiya m'mitu ya anthu chithunzi cha Africa wouma, wopanda mvula kapena mtsinje, wongotambasula manja. Idafunsa ngati anthu akudziwa za Khirisimasi m'dziko lomwe lidalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300. N'chifukwa chake Fuse ODG, woimba wa makolo a ku Ghana, adakana kuimba nawo pomwe ankaijambulanso mu 2014, ndipo mu 2024 Ed Sheeran adati akadafunsidwa sakadalola kuti mawu ake agwiritsidwenso ntchito. Kuyeretsa kamvekedwe ka nyimbo yotereyi kumangopangitsa kuti chipongwecho chimveke bwino.

Njala ife tikuidziwa. Ku Machinga anthu adafika podya chitedze, ndipo mu Malichi 2024 boma lidalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Zonsezi zidachitika Shire akuyenda ndi madzi pa Liwonde. Vuto lathu ndi ulimi wamthirira womwe sukufalikira, mtengo wa feteleza, chimanga chosowa pa Admarc. Nkhani zotere sangaziimbe mlendo amene adaona njala pa TV.

Oziimba tidali nawo, ndipo ambiri adachokera ku Balaka. Alleluya Band idayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici. M'menemo mudatuluka Paul Banda, yemwe situdiyo yake ya Imbirani Yahwe idajambula oimba ambirimbiri, komanso mng'ono wake Lucius Banda, wodziwika kuti Soldier, amene chimbale chake choyamba adachitcha Son of a Poor Man. Awa ankaimba za umphawi ali mkati mwake. Ankaimba za amasiye, za maliro osatha a m'zaka za Edzi, za andale olonjeza pa msonkhano n'kuiwala akapambana. Sankapemphera munthu wosauka chifundo kwa alendo, ankalankhula naye, ndipo nthawi zina ankamulankhulira kwa akuluakulu mopanda mantha.

Nanga lero nyimbo zimenezi tikuzimva bwanji? Zambiri zidatuluka pa makaseti. Zomwe zikuyenda tsopano ndi ma MP3 okoperedwa kambirimbiri kwa anyamata oburna nyimbo pa msika, besi itafa, magitala akulira ngati ali m'chitini, nthawi zina dzina la woimba litalembedwa molakwika. Achinyamata akamva zimenezo amaganiza kuti nyimbo za ku Balaka zidajambulidwa mosasamala, pomwe zidangoonongekera m'njira. Tepi nayo siidikira munthu: kutentha kwa ku Balaka ndi chinyezi cha dzinja zimaidya chaka ndi chaka. Lucius adatisiya pa 30 Juni 2024, ndipo amene akudziwa komwe kuli matepi oyambirira akuchepa.

Ena anena kuti lossless ndi za anthu olemera, poti failo yake imakula kasanu kapena kuposerapo ndipo bandulo ya intaneti ndi yodula. N'zoona kuti wa kabaza wa pa Ntaja apitiriza kumvera MP3 pa memori khadi. Koma MP3 yabwino imachokera ku kope loyera, ndipo kopelo likatayika silibwereranso.

COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, imatolera ndalama pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko muno. Gawo lina la ndalamazo lipite ku ntchito yopulumutsa matepi oyambirira a nyimbo za ku Balaka. A COSOMA akhale pansi ndi mabanja a oimba, ndi a Alleluya Band, ndi eni masitudiyo akale, matepi asamutsidwe mwaukadaulo, kope limodzi lisungidwe ku National Archives ku Zomba, ndipo eni nyimbo alipidwe zikayamba kugulitsidwa.