Woyimba Yekha Sakuyembekezera Bandi

Pali chizolowezi chimene chamera mizu pakati pa okonza zoyimbayimba ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Chipata ndi ku Lusaka, ndipo chafika poyenera kuzulidwa. Munthu woyimba ndi gitala yopanda magetsi amamuyika koyambirira kwa ndandanda, dzuwa likadali pamutu, mipando ili yokhayokha, amisiri akadalumikiza mawaya a masipika. Amamupatsa mphindi zowerengeka ndi kandalama kongokwanira ulendo wobwerera kwawo. Mdima ukagwa, anthu atadzaza bwalo, m'pamene pamakwera amene amatchedwa oyimba enieni: bandi ya zida zamagetsi, kapena mnyamata mmodzi wogwira maikolofoni amene nyimbo yake yonse ikutuluka mu kompyuta ya DJ. Pansi pa dongosolo limeneli pagona chikhulupiriro chakuti woyimba yekha ndi munthu wosakwanira, amene akungodikira tsiku lopeza ndalama zogulira kiyibodi. Chikhulupiriro chimenechi n'chabodza, ndipo chikuvulaza nyimbo pamodzi ndi chiyankhulo chimene nyimbozo zimayimbidwamo.

Oyikira kumbuyo mabandi amathamangira mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Mwambiwo ndi woona pa ntchito ya denga, koma makolo omwewo anasiyanso wina wakuti mbewa zikachuluka siziika masa. Iwo ankadziwa magule a gulu monga gule wamkulu, chimtali ndi mganda, kumene ng'oma, manja ndi mapazi zimayankhana. Ankadziwanso munthu wokhala yekha pakhonde ndi bangwe kapena kalimba, akuyimba za ukwati wovuta, za msonkho, za mwamuna amene anapita ku Joni osabwerako. Pamene Hugh Tracey ankajambula nyimbo ku Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958, anapeza mitundu yonse iwiri ili yamoyo, ndipo zimene anajambulazo zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Gitala ndi banjo zitafala ndi anthu obwerera ku migodi ndi asilikali ochokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zinapeza malo okonzakonza, pakuti zinangolowa m'manja momwe munali bangwe. Kuyimba pawekha ndi luso lakale la malamulo akeake, ndipo silinakhalepo mwana wa bandi.

Chimene chikutayika luso limeneli likanyozedwa chimaoneka bwino munthu akayang'ana kapangidwe ka Chichewa ndi Chinyanja. M'chiyankhulo chimenechi kukwera ndi kutsika kwa liwu kumanyamula tanthauzo. Mténgo wokwera pa phatikizo lapakati ndi umene umamera m'nkhalango, pamene mtengo wotsika ponseponse ndi umene wogulitsa amatchula pamsika. Khúngu ndi la pathupi, khungú ndi la wosaona. Ngakhale nthawi ya mneni imadalira zomwezo: ámathandíza ndi munthu amene kuthandiza ndi khalidwe lake, amathándiza ndi amene anali pa ntchitoyo kanthawi kapitako. Kuwonjezera apo, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo limakokedwa, ndipo kukokako ndiko kumauza womvera kuti ganizo lafika popumira. Palibe nyimbo imene imatsata malamulo amenewa ndendende, pakuti nyimbo ili ndi njira yakeyake. Komabe woyimba waluso amakhala akukambirana ndi mawu ake mzere uliwonse: apa achedwetse chala kuti phatikizo litambasuke, apo atsitse gitala kuti liwu lofunika limveke. Woyimba yekha ali ndi ufulu wonse wochita zimenezi, chifukwa wolamula liwiro ndi mwini mawuwo.

Makina sakambirana ndi munthu. Kugunda kwa ng'oma kumene kunayikidwiratu mu kiyibodi kumayenda pa liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mawu ndiwo amakakamizika kulowa m'timabokosi take. Phatikizo loyenera kukokedwa limadulidwa, losayenera limatambasulidwa, mpaka chiganizo chimamveka ngati chikuyankhulidwa ndi mlendo amene anaphunzira Chichewa m'buku. Pamwamba pa izi pabwera Auto-Tune, pulogalamu imene inatuluka mu 1997, imene ntchito yake ndi kukokera liwu la woyimba ku noti yapafupi ya mndandanda wa piyano. Kutsetsereka kwa liwu pakati pa manoti awiri, kumene mayi wolira maliro ndi woyimba bangwe amakudziwa bwino, pulogalamuyo ikatsegulidwa mopitirira muyeso imakutenga ngati cholakwa n'kukusalaza. Zotsatira zake ndi nyimbo zambiri pa wayilesi zimene munthu angazivine usiku wonse osagwirapo chiganizo chimodzi chathunthu.

Amene akuti luso la munthu mmodzi ndi lopereŵera akamvere a Daniel Kachamba a ku Chileka, amene anamwalira mu 1987. Wosawaona angalumbire kuti magitala akulira ndi awiri, pomwe ndi dzanja limodzi limene likuyendetsa besi ndi nyimbo nthawi imodzi. Luso lawo ndi la mng'ono wawo Donald linakopa katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, amene anakumana nawo ku Blantyre mu 1967 n'kukhala zaka zambiri akulemba za kayimbidwe kawo. Ku Zambia, a Alick Nkhata anadziwika pa wayilesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950 ndi magitala wamba ndi mawu omveka mbee m'Chinyanja ndi m'Chibemba. A Allan Namoko a ku Thyolo, amene sankaona, anali ndi gulu lawo la Chimvu River Jazz Band, ndipo chitsanzo chawo chikuonetsa kuti mlandu suli pa chiwerengero cha anthu pa nsanja. Ng'oma ndi zida zina za gululo zinkayenda pambuyo pa banjo ndi liwu la a Namoko monga operekeza mkwati, osalanda ukwati. Funso loyenera kufunsa bandi iliyonse ndi lakuti zida zake zikutumikira mawu kapena zikuwakwirira.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zolemera, ndipo n'zosayenera kuzilambalala. Yoyamba ndi ya ku Balaka. M'zaka za m'ma 1990 kiyibodi ndi situdiyo yaing'ono zinatsitsa mtengo wojambulira, kotero kuti achinyamata amene sakanafika pa khomo la MBC anatulutsa makaseti awo. Zimenezi n'zoona, ndipo a Lucius Banda anayimba za umphawi ndi ulamuliro woipa pa zida zomwezo. Koma chimene anthu akukumbukira lero za iwo ndi mawu amene ananena, amene ankamveka bwinobwino pamwamba pa kiyibodiyo. Otsanzira awo ambiri anatenga kugunda kwake n'kusiya uthenga, ndipo makaseti awo anapita ndi mphepo.

Mfundo yachiwiri ndi ya a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Nyimbo yawo ya Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok Patience Namadingo atayijambula nawo pa zida zamakono mu 2020, ndipo ena amati umenewu ndi umboni wakuti gitala yokha sikanawafikitsa patali. Namadingo anachita ntchito yaulemu, ndipo anaichita bwino chifukwa anasiya mpata kuti liwu la agogowo likhale patsogolo. Koma nkhaniyi ikuyimba mlandu mbali inayo. Munthu anayimba nyimbo zake zaka makumimakumi ndi gitala m'manja, ndipo anthu ambiri anadikira kuti afike zaka 90, ndiponso kuti wina amuyikire besi yamagetsi, asanavomereze kuti nyimbozo n'zamtengo wapatali. Nyimbo inali yomweyo kale lonse. Amene anachedwa ndi makutu.

Alendo akhala akuona zimene eni ake akuponda. Madalitso Band, anthu awiri okha a gitala, babatoni ya nsambo imodzi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene, anayimba zaka zambiri m'misewu ya ku Lilongwe asanakwere nsanja ya Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 n'kuyamba maulendo a ku Ulaya. Chimbale cha akaidi ndi oyang'anira ndende ya Zomba, chimene nyimbo zake zambiri ndi liwu ndi gitala kapena liwu lokha, chinalowa m'gulu lopikisana pa mphoto ya Grammy mu 2016. Apa pali msampha wina woyenera kuupewa. Alipo alendo amene amakonda woyimba wa kuno pokhapokha akaoneka wosauka, chida chake chili chosema pamanja, ndipo amakhumudwa akamuona ndi gitala yabwino ya m'sitolo. Chikondi chotere ndi chipongwe chovala jekete. Woyimba yekha ayenera maikolofoni abwino, situdiyo yaukhondo ndi nsambo zatsopano. Magetsi okweza liwu lake kuti lifike kumbuyo kwa bwalo ndi bwenzi lake. Magetsi oyimba m'malo mwake ndiwo mdani.

Mdani ameneyu amaonekera poyera pa chizolowezi choyimba ndi CD. Anthu amalipira pakhomo kuti amve munthu akuyimba, n'kupatsidwa chimbale chomwe ali nacho kale pa foni, mwini wake akungolumphalumpha ndi kuuza anthu kuti akweze manja. Kugulitsa tikiti ya zoterezi osanena poyera n'chimodzimodzi kugulitsa thumba la chimanga lokhala ndi mchenga pansi. Magetsi akazima kapena jenereta ikatha mafuta, chinyengocho chimavulidwa pamaso pa onse: nsanja imangoti zii. Wa gitala uja anayikidwa masana akanatha kukokera mpando pakati pa anthu n'kupitiriza.

Kukonza zinthu sikufuna chuma chambiri. Okonza zoyimbayimba alembe pa zikwangwani zawo ngati woyimba adzayimba ndi zida kapena ndi CD, kuti wogula tikiti asankhe akudziwa. Woyimba yekha alipidwe molingana ndi luso lake, osati mowerenga mitu ya pa nsanja, ndipo nthawi zina apatsidwe ola la usiku pamene anthu adzaza. Mawayilesi a ku Malawi, a kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia ndi a ku Tete apatule nthawi ya nyimbo za liwu ndi chida chimodzi, zakale ndi zatsopano zomwe, m'malo mozikumbukira tsiku lokha limene woyimba wamwalira. Ojambula m'masitudiyo ayambe amvera woyimba ndi gitala yokha asanatsegule kompyuta, chifukwa nyimbo imene singayime payokha pamenepo siyidzachiritsidwa ndi zida khumi. Onyoza amati tsobola wakale sawawa. Ayambe amulawa, kenako anene.