Ngozi ya M'munsi mwa Phiri Imayambira Pamwamba

Galimoto yaikulu yonyamula katundu ikalephera kuima pamtsetse n'kupha anthu, maso athu onse amathamangira kwa dalaivala. Ndi iye amene amamangidwa n'kukaima pabwalo la milandu, ndipo akangolandira chilango timaona ngati nkhani yathera pomwepo. Koma tikaunika mofatsa ngozi zoterezi, tipeza kuti dalaivala amakhala womalizira chabe pamndandanda wa anthu amene zochita zawo zinaitana tsokalo.

Tiyeni tiyambe ndi zimene zinachitika ku South Africa, mumsewu wa M13 umene umatsika phiri la Fields Hill kuchokera ku Kloof kulowera ku Pinetown, pafupi ndi mzinda wa Durban. Madzulo a pa 5 Seputembala 2013, thiraki ina inatsika phirilo ili paliwiro loopsa, inakhotera pamsewu wopatukira ku Richmond Road, n'kudutsa maloboti atayaka zofiira. Inaomba maminibasi anayi ndi magalimoto ena ang'onoang'ono, ndipo anthu 24 anataya miyoyo yawo. Dalaivala wake anali mnyamata wa zaka 23 wochokera ku Swaziland, dziko lomwe tsopano likutchedwa Eswatini. Anavomera milandu yake, kuphatikizapo wogwiritsa ntchito mapepala achinyengo, ndipo mu 2014 analamulidwa kukakhala kundende zaka 8 ndi miyezi 10.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ku Colorado, m'dziko la Amereka, pa 25 Epulo 2019. Thiraki yonyamula matabwa inatha mabuleki potsika mapiri mumsewu wa Interstate 70, inakagunda magalimoto amene anali pamzere ku Lakewood, moto unabuka, anthu anayi n'kufa. Dalaivalayo, wa zaka 23 nayenso, wobadwira ku Cuba, anapitirira malo opulumukira amene anamangidwa m'mbali mwa msewuwo kuti aziimitsa magalimoto otha mabuleki. Mu Disembala 2021 khoti linamugamula zaka 110 kundende. Anthu oposa 4 miliyoni anasaina kalata yodandaula, ndipo bwanamkubwa Jared Polis anachepetsa chilangocho kufika pa zaka 10.

Kuti timvetse chifukwa chake ngozi ziwirizi zikufanana chonchi, tiyenera kudziwa mmene thiraki imatsikira phiri. Galimoto yodzaza katundu ikhoza kulemera matani oposa 50. Dalaivala akamaponda buleki mosalekeza pamtsetse wautali, zitsulo za mabuleki zimatentha kwambiri mpaka kuleka kugwira, ndipo akamapondaponda pafupipafupi mpweya umene umayendetsa mabulekiwo umachepa. N'chifukwa chake akatswiri pantchitoyi amaphunzitsa kuti dalaivala aime kaye pamwamba, aone mabuleki ake, alowetse giya yaing'ono, ndipo atsike pang'onopang'ono injini ikumuthandiza kugwira galimoto. Giya imeneyi imasankhidwa mtsetse usanayambe. Liwiro likakwera, giya yaing'ono imakana kulowa, ndipo pamenepo dalaivala amangotsala ndi chiwongolero m'manja.

Malo opatukira m'munsi mwa phiri ndi amene amakhala oopsa koposa. Msewu wopatukira umakhala waufupi, kawirikawiri wokhota, ndipo umathera pamphambano pamene pali magalimoto oima, oyenda pansi ndi ogulitsa malonda. Galimoto imafika pamenepo mabuleki atatentha kale ndi ulendo wonse wa pamtsetse, pa nthawi yeniyeni imene ikufunika kuima. Malo opulumukira, omwe amakhala kamsewu kodzaza miyala ing'onoing'ono kapena mchenga momwe matayala amatitimira, amathandiza pokhapokha dalaivala akawadziwa ndi kuwagwiritsa ntchito nthawi ikadalipo.

Sitikunena kuti madalaivala awiriwa analibe mlandu. Anthu 28 anafa, mabanja anatsala m'misozi, ndipo chilungamo chinayenera kuchitika. Komabe pali mafunso amene chilango cha munthu mmodzi sichiyankha. Kodi ndani amaona mapepala ndi luso la dalaivala asanampatse makiyi? Ndani amasaina kuti mabuleki ali bwino? Nanga ndani amaika tsiku loti katundu afike, zivute zitani? Ku Fields Hill, anthu okhala m'deralo anali atadandaula kwa zaka zambiri kuti mathiraki amadzera msewu wotsetserekawo pozemba malipiro a pachipata cha Mariannhill mumsewu wa N3. Kandalama kopulumutsidwa pachipata sikangafanane ndi moyo wa munthu ngakhale mmodzi.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Katundu wambiri wobwera kuno ku Malawi amanyamulidwa pamathiraki kuchokera kumadoko a Durban, Beira ndi Dar es Salaam, ndipo ambiri mwa oyendetsa ndi ana athu ndi abale athu. Nafenso tili ndi mitsetse yoopsa: Chiweta ku Rumphi, Thabwa potsikira ku Chikwawa, ndi Khwekhwerere potsikira ku Golomoti. Tilinso ndi chizolowezi choyala malonda m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Mu Meyi 2019 thiraki inalowa mumsika wa Kampepuza ku Ntcheu, mumsewu wa M1, ndipo anthu oposa 15 anafa.

Pali zinthu zimene zingachitike popanda kudikira maliro ena. Eni magalimoto asatumize dalaivala wongoyamba kumene yekha mumsewu wa m'mapiri umene sanayendemo, ndipo asaone kukonza mabuleki ngati kutaya ndalama. Nthambi ya boma yoona za pamsewu ionetsetse kuti chiphaso cha COF chikuperekedwa galimoto itayesedwadi, osati chifukwa cha kangachepe koperekedwa mseri, ndiponso kuti masikelo akugwira onyamula katundu wopitirira muyeso. Bungwe la Roads Authority liike malo oimapo mokakamiza pamwamba pa mitsetse ikuluikulu ndi malo opulumukira chakumunsi kwake. Makhonsolo ndi mafumu athu apeze malo abwino a misika, otalikirako ndi msewu, chifukwa wogulitsa tomato sangachoke pamsewu ngati alibe kwina kopezera ogula.

Kwa madalaivala, tikudziwa kuti kukana kunyamuka ndi galimoto yovuta mabuleki kungawachotsetse ntchito, ana kunyumba akudikira chakudya. Tsono ife amene timakhala nawo m'midzi ndi m'mipingo, ena a ife tili eni ake a magalimotowo, tiyenera kuima kumbuyo kwa dalaivala amene wakana ulendo wotere. Munthu ameneyo akuteteza mayi wokhala pamsika m'munsi mwa phiri, amene sadzadziwa n'komwe kuti tsiku limenelo anapulumuka.