Uthenga wa maliro sulembedwa mothamanga

Adzukulu anga, lero ndili nanu mlandu, ndipo sindiupsatira.

Mwezi wathawu mmodzi wa inu anatumiza mawu awa kwa abale onse pa WhatsApp: "malume atisiya malilo mawa bwelani". Basi. Malume ake ati, poti m'banja mwathu alipo atatu? Zovutazo zili kuti, kumudzi kapena m'tauni? Mlongo wanga, mayi wokalamba, analira theka la tsiku kulira mwana wake amene panthawiyo anali pamsika, wamoyo, akugulitsa matemba. Nditadzudzula, wolembayo anati, "Agogo, bola mwamva." Iyayi, sitinamve!

Kale uthenga wa zovuta sunkaperekedwa mwachisawawa. Mwinimbumba ankasankha anyamata awiri okhwima maganizo, n'kuwauza dzina la malemu, mudzi, mfumu yake ndi tsiku loika. Asananyamuke ankawalamula kuti abwereze mawuwo pamaso pake, akaphonya, ankabwerezanso. Ankatuma awiri kuti wina akaiwala mnzake amukumbutse. Kukonza zolemba n'komweko, ndipo makolo athu ankakudziwa asanagwire cholembera. Inu foni yakupatsani liwiro, koma kuthamanga si kufika.

Ena mwa inu mumati Chichewa chilibe malamulo, aliyense alembe momwe akumvera. Limenelo ndi bodza la alesi. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ife tinawaphunzitsa ndi choko mpaka zala kuyera. Lemba la r limatsatira e ndi i: maliro, bwerani, osati malilo, bwelani. Pamenepa ndingakukhululukireni, pakuti tanthauzo silisokonekera. Koma m'bale si mbale. Kachizindikiro kamene mumakanyozako ndiko kamasiyanitsa mwana wa mayi ako ndi chodyera nsima. Mukachotsa h pa phala, mwana wanjala mwamutuma kukapala moto.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti luso muli nalo. Kalata ya Chingerezi yofunsira ntchito mumaiwerenga katatu, n'kupatsanso mnzanu kuti aione. Koma chiyankhulo chimene munayamwira mumachimwaza ngati madeya a nkhuku, ngakhale pa nkhani ya imfa.

Tsono ndikukuuzani ngati mwinimbumba. Uthenga wa zovuta uzikhala ndi dzina lonse la malemu, malo, tsiku ndi dzina la wotumiza. Muuwerenge mokweza, wina amve, musanadine. Ndipo amene analemba uja apite yekha, ndi miyendo yake, akapepese kwa agogo ake aakazi.